Odwala a pa Khonde Lathu

Sendezani mbaulayo pakati, magetsi awa lero sabweranso. Ndipo inu amene mwakhala mukunong'onezana kuti bambo a Yankho sandithokoza ine mkazi wawo, chikhalirecho amathokoza ngakhale galu akawapatukira pa njira, tcherani khutu. Nkhani imeneyi sindiibwereza kawiri.

Amuna anga, a Elifala Kanyumbu, ali ndi matenda awiri. Oyamba ndi ulemu. Anaphunzira ku mishoni, ndipo mawu oti zikomo sachoka pakamwa pawo. Kondakitala wa minibasi akawaponda phazi, wothokoza amakhala iwowo. Wapolisi wina atawagwira ndi galimoto yothima nyali, anamuthokoza mpaka wapolisiyo anachita manyazi n'kuyang'ana kumbali.

Matenda achiwiri ndi zinthu zakale. Atapuma pa ntchito ya boma kuno ku Zomba, anzawo anayamba kuweta nkhuku, ena kumanga nyumba za lendi. Awa anayamba kutola zimene anthu anataya: simbi zamakala, nyali zagalasi, mawailesi osalankhula, mawotchi oima, makina osokera opanda singano. Pabalaza pathu panatsala kanjira kokha kodutsa chammbali. Ndikadandaula ankati, "Nangozo, chilichonse mukuona apachi chinagwiridwa ndi manja a munthu. Mukachiyang'anitsitsa mumamuona mwini wake."

Ine ndinkati, "Mwini wakeyo abwere adzapukute fumbi."

Pakamwa panga apa, ndikanadziwa ndikanapatseka.

Chaka china, m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo, bambo anamva kuti pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa phiri la Mulanje akugumula dispensale yakalekale kuti aikepo chigayo. Analawira, ndipo madzulo anafika ndi katoni yokulungidwa m'bulangete, ataifungatira ngati khanda lochoka kuchikuta. Anaitsitsa pa tebulo pang'onopang'ono, maso akuwala ngati mwana.

Munali zida zopangira mapilitsi, za nthawi ija mankhwala asanayambe kubwera m'mapaketi. Munali kamtondo ka mkuwa, kolemera kuposa maonekedwe ake, ndi kamunsi kake. Munali kasikelo ka mbale ziwiri. Koma chimene chinawazula mtima chinali thabwa lakuda, losalala, lokhala ndi mizere ya mkuwa kumapeto kwake, ndi kathabwa kena kamigwiriro iwiri kamizere yofanana.

"Taonani luso, Nangozo," anatero. "Ankasinja mankhwala umu, n'kuwakanda ndi ufa ndi uchi, n'kuwapota ngati kachingwe. Kachingweko ankakagoneka pa mizerepa, n'kukoka kathabwa aka pamwamba. Kamodzi kokha, mibulu yonse n'kutuluka yofanana ngati nandolo. Taonani pamene padyeka apa. Ndi chala chachikulu cha munthu mmodzi, zaka ndi zaka."

Ndinaikapo chala changa. Ndisaname, chinthucho chinali chokongola, ndipo ndinamvetsa chimene chimawapengetsa anthu otola zakalewa. Koma pamalo podyekapo panali pofunda, ngati wina wangochotsapo dzanja. Ndinaganiza kuti ndi kutentha kwa m'galimoto.

Ankasimba akuseka kuti kamtondoko anakapeza katavundikiridwa pansi pa zenera la dispensaleyo, pamwamba pake atasanjikapo mwala. Anyamata ogumula nyumbayo anali atazula zitseko ndi malata, koma pakona imeneyo sanafikepo. Kapitawo wawo anangoti, "Tengani, bwana," ndipo palibe anadzipereka kuwathandiza kunyamula. Bambo anati ndi ulesi wa ana a masiku ano. Paja safunsa anadya phula.

Anakwecha zidazo ndi phulusa ndi ndimu mpaka mkuwa unayamba kuonetsa nkhope. Kenaka anakokera tebulo pa zenera lalikulu loyang'ana pakhonde n'kuziyala bwinobwino: kamtondo kataima, kamunsi kali m'kati, sikelo pambali, thabwa kutsogolo. Anati chinthu chakale chimakoma chikayalidwa ngati mwini wake wangotuluka kukataya madzi ndipo abwera posachedwa.

Anthu amati mizimu imayenda usiku. Yathu inalibe nthawi imeneyo. Inkabwera dzuwa lili paliwombo, nthawi imene nkhuku zimabisala pansi pa nkhokwe ndipo msewu umangoti zii.

Choyamba chinali phokoso. Ndikuchapa kuseri, ndinamva ngwe, ngwe, ngwe, mosathamanga, ngati munthu amene ntchito yake anaizolowera. Nditalowa, pabalaza panalibe munthu. Bambo anali kuchipinda, akuwerenga nyuzipepala. Kamunsi kanali katatsamira mbali ina, osati mmene anakasiyira.

Kenaka ufa unayamba kuchepa m'chitini. Uchi umene mlongo wanga ananditumizira unatsika mpaka theka la botolo, m'nyumba ya anthu awiri osadya uchi. Tsiku lina ndinapeza pa thabwa lija chinthu chonga kachingwe ka ufa wokanda, katagonekedwa pa mizere ya mkuwa, koma kosadulidwa. Ntchito inayambika n'kulekezedwa panjira.

"Bambo a Yankho, mwayamba masanje ndi ufa wanga?"

"Ine ayi. Kapena ndi makoswe."

"Khoswe wodziwa kukanda ufa ndi uchi ndiye timupezere ntchito ku chipatala."

Anaseka, inenso ndinaseka. Koma galu wathu Ndatopa, amene chibadwire ankagona pansi pa benchi ya pakhonde, anasamukira kuseri kwa khitchini, ndipo ngakhale ndi fupa sankalola kubwerera.

Woyamba ndinakumana naye pa msewu ndikuchokera ku msika. Anali mayi wobereka mwana, atavala nsalu yakuda ya biliwita imene ndinaiona komaliza ndili kamtsikana. M'dzanja anali ndi botolo lopanda kanthu, lotsekera ndi chitsononkho. Chimene chinandidabwitsa chinali mapazi ake. Zomba yense anali fumbi lokhalokha, mvula itasiya kalekale, koma iye anali ndi matope ofiira, aawisi, mpaka mu akakolo.

"Pepani mayi," anatero atawerama. "Kuzenera ndi kuti?"

Ndinamulozera njira ya ku chipatala.

"Iyayi. Kwa a Sitifano."

Ndinamuuza kuti dera lathu lonse kulibe munthu wa dzina limenelo, ndipo ndinapitiriza ulendo. Sanandipitirire, njira yake ndi imodzi yomweyo. Koma nditatsegula geti, ndinamuona atakhala pa benchi ya pakhonde panga, botolo lili pa miyendo, nkhope atalozetsa ku zenera.

Ine si munthu wamantha. Ndinaikapo maliro a makolo anga onse ndipo mitembo ndasambitsapo. Ndinazungulira kuseri, ndinatula dengu, ndinadutsa m'nyumba n'kutsegula chitseko cha kumaso kuti ndimufunse bwinobwino. Pa benchi panalibe munthu. Pa simenti panali matope, ndipo m'mphuno munandilowa fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi kuwawa kwa kwinini.

M'mawa mwake anabwera ndi anzake. Bambo wachipewa chamlaza. Nkhalamba yotsamira ndodo. Tsiku lililonse ankawonjezekera, mpaka benchi inadzaza, ena anakhala pa masitepe, ena pabwalo, mzere n'kukafika pa mtengo wa mango. Sankalankhula. Ankangotsokomola, uyu akasiya, wina n'kulandira. Nkhope zawo musandifunse. Aliyense ankakhala ngati wangotembenuka kumene, ndipo ukasuntha kuti umuone bwino, unkapeza ukuonabe khutu ndi tsaya. Dzuwa likangopendeka pang'ono, pabwalo pankatsala matope okha.

Bambo sankaona kanthu. Ankadutsa pakati pawo akuimba mluzu, popita kukathirira maluwa. Ndikawauza ankati, "Nangozo, dzuwa ili lakulowani m'mutu. Muzimwa madzi ambiri." Ndinayamba kudzikayikira ndekha, mpaka tsiku limene kunabwera a Mataka.

A Mataka ndi mnzawo wa ku Limbe, wodwala matenda omwewo a zinthu zakale. Atamva za zidazo sanagone, anayendetsa galimoto kudzaziona. Anasisita thabwa lija ngati akusisita ng'ombe yogula. Anati chiyambire kusonkhanitsa zinthu sanaonepo zonse zili pamodzi chonchi, kamtondo ndi kamunsi kake enieni. Analonjeza kusinthanitsa ndi wotchi yawo yapakhoma yolira ngati belu la tchalitchi, anawonjezera galamafoni, bambo akungopukusa mutu monyadira. Potsanzikana ndinawaperekeza ku geti, ndipo pamenepo anatsitsa mawu.

"Alamu, kodi achimwenewa ayamba using'anga?"

"Bwanji?"

"Anthu onsewa akudikira chiyani? Ndawapatsa moni polowa paja, palibe wandiyankha."

Atatembenuka kuti awaloze, dzanja linaima m'malere. Analowa m'galimoto osamaliza kutsanzika, ndipo nkhani ya wotchi sanaitchulenso mpaka lero.

Sabata imeneyo bambo anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, chofanana ndi cha pakhonde paja. Kuchipatala anawajambula, anawatenga magazi, anati zonse zili bwino. Koma munthu ankatha ndikumuona. Lamba anaboola bowo lina. Manja awo ankazizira ngati a munthu wochokera ku mtsinje m'mwezi wa Juni.

Ndiye tsiku lina masana ndinawasowa m'nyumba. Nditasuzumira pa zenera, ndinawaona pansi pa mango, kumapeto kwenikweni kwa mzere, atakhala pa dothi ndi thalauzi lawo lositasita, chipewa chili pa bondo. M'dzanja anali ndi botolo langa la uchi lija, lopanda kanthu.

Ndinatuluka, ndinadutsa pambali pa anthuwo, n'kuwagwira bambo pa phewa.

"Bambo a Yankho, tiyeni m'nyumba."

Anandiyang'ana ngati munthu amene anandionapo kwinakwake. "Dikirani pang'ono, mayi. Anzathuwa anayamba kufika. Si bwino kudumpha mzere."

Ndinawakoka. Munthu wowonda choncho, koma zinali ngati ndikuzula chitsa. Dzuwa litapendeka anadzuka okha, analowa m'nyumba, anagona, osakumbuka chilichonse. Pamenepo ndinachita mantha, ndipo sindichita manyazi kunena. Munthu ameneyu ndinakwatiwa naye ndili ndi diresi limodzi, ndipo sindinali wokonzeka kumupereka kwa alendo osapereka ndi moni yemwe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinawakhomera m'chipinda, kiyi ndinamanga pa nsonga ya chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Mulanje. Kumene minibasi inalekezera ndinakwera kabaza mpaka pa esiteti paja. Dispensale inali itatha, chigayo chikulira. Nditatchula dzina la Sitifano, amayi odikira pa chigayo anayang'anizana, kenaka mmodzi anandilozera ndi mlomo bambo wina wa imvi amene ankamata chubu cha njinga pansi pa mbawa. Anati ndi a Gervazio, mwana wa malemuwo.

Sanandilandire bwino. Nditangoti kamtondo, anaponya pampu pansi.

"Musakabweze kuno, mayi. Ndakalondera moyo wanga wonse. Chichokereni ndikugona ngati mwana. N'kanu kameneko."

"Sindinabwere kudzabweza. Amuna anga ali pamzere."

Anandikankhira kampando ndi phazi.

Anandiuza kuti bambo awo, a Sitifano, ndiwo ankapanga mankhwala pa dispensaleyo. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo mudzi wonse unkalidziwa: kamtondo kakaima pa zenera ndiye kuti atsegula, kakavundikiridwa ndiye kuti aweruka, aliyense azipita kwawo. Chaka china m'dzinja kunagwa chifuwa choopsa. Anthu ankabwera m'matope kuchokera m'midzi yonse ya m'mphepete mwa phiri. Tsiku lina masana a Sitifano anagwa pa tebulo pomwepo, ufa uli m'manja, mzere uli panja. Pa chipwirikiti cha maliro palibe anakumbuka kuvundikira kamtondo. Odwalawo ambiri sanaione Pasaka.

"Chiyambire pamenepo," anatero, "kakangoima, amabwera. Iwo amaona kuti atsegula."

"Ndiye ndikangofika ndikakavundikira. Nkhani yatha."

Anandigwira mkono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. "Musayerekeze. Mkulu wanga Damiyano anakaimika kuti asinjiremo tsabola. Nayenso anakhala pamzere ngati amuna anuwo. Ine ndi mantha ndinathamanga n'kukavundikira, iye ali pomwepo. Mzere unadzuka n'kumapita. Ndipo mzere ukamapita, mayi, umapita wonse. Tinamuika Loweruka."

"Nanga nditani?"

"Mukufunsa ine? Ine ndimakonza njinga." Anatola chubu chake. "Bambo anga sankatseka munthu ali panja. Ankapereka mpaka womaliza. Ine mtima umenewo ndinalibe. Ngati inu muli nawo, musawapatse pamanja, muziika pa zenera atole okha, ndipo kumaso musawayang'ane."

"Mankhwala ake ati? Ine si dokotala."

"Iwonso si odwala oti mungawaphe," anatero.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Chitseko cha kuchipinda chinali chokhoma mmene ndinachisiyira, mawindo otseka. Bambo anali pa bedi, akupuma movutika. Kumatako kwa thalauzi lawo kunali matope ofiira.

Kutacha sindinapite ku msika. Ndinathyola masamba a nimu ndi kuwayanika pa lata mpaka anauma kuti gwaa. Ndinasankha nimu dala, chifukwa munthu wa kwathu kuno, wamoyo kaya wakufa, mankhwala osawawa sawakhulupirira. Ndinabwereka uchi kwa aneba. Ndinasamba, ndinavala duku loyera la kumvano, ndinathyola masamba a mango oikirapo mibulu. Dzuwa litafika paliwombo ndinamva kutsokomola koyamba. Nditayang'ana kuchipinda, bedi linali lopanda munthu.

Ndinatsegula zenera mbali zonse ziwiri n'kugwira kamunsi. Ngwe, ngwe, ngwe. Pabwalo ponse kutsokomola kunaleka.

Ndinasinja, ndinakanda, ndinapota kachingwe, ndinakagoneka pa mizere ya mkuwa. Nditagwira kathabwa kamigwiriro iwiri, chala changa chinalowa chokha pamalo podyeka paja, ndipo ndikukuuzani, sindinakoke ndekha. Mibulu inagubuduka yofanana ngati nandolo. Ndinaika umodzi pa tsamba, n'kulikankhira kunja kwa zenera, maso ali pansi.

"Woyamba!"

Kunabwera dzanja la mayi, lokhala ndi chibangili cha mikanda yofiira. Linatola mbulu, linazengereza, n'kukhalabe pomwepo. Ndinakumbuka mwana wa kumsana uja, ndinadula mbulu wina pakati n'kuika theka. Dzanja linatola n'kuchoka.

"Wina!"

Ndinaona manja okhaokha tsiku limenelo. Manja ong'aluka a anthu othyola tiyi. Dzanja lopanda chala chimodzi. Dzanja la nkhalamba lonjenjemera, loti mbulu unagwa kawiri. Kadzanja kena kankangofika nsonga za zala pa zenera, kakufufuza, ndipo ndinakakankhira tsamba ndi kamunsi, misozi ikundilepheretsa kuona. Pena anayamba kukankhana, manja atatu nthawi imodzi, mpweya wozizira ukundiwomba pamphumi. Ndinamenya tebulo.

"Pamzere! Kaya mwachokera kuti, pano ndi pakhomo panga. Wokankha mnzake abwerera kumapeto!"

Anamvera. Anthu oleredwa bwino, ndithu.

Dzuwa silinasunthe. Mthunzi wa chitsulo cha zenera unali pamalo amodzi pa tebulo, ine ndikusinja ndi kukanda mpaka mapewa anachita dzanzi. Kumsewu sikunadutse galimoto, ngakhale tambala sanalire. Ndinkangomva mapazi onyowa akubwera, akuima, akuchoka kulowera ku geti.

M'kati mwa ntchitomo ndinazindikira chinthu china. Anthu onsewo, palibe ndi mmodzi yemwe anaomba m'manja kapena kutulutsa mawu. Poyamba mtima unati, anthu osayamika bwanji. Kenaka ndinawakumbuka mayi anga akundipanda kambama ndili wamng'ono, nditathokoza azakhali pondipatsa muzu wa m'mimba. Mankhwala sathokoza. Ukathokoza amasukuluka, matenda n'kubwerera pomwe anali. Anthu amenewa ankadziwa mwambo.

Ndipo kamunsi kanaima m'dzanja langa, chifukwa ndinakumbuka amene anali kumapeto kwa mzere.

Ufa unatsala wongokwana mbulu umodzi. Ndinaubulunga, ndinauika pa tsamba. Kunabwera dzanja lowonda, la mphete imene ndinawaveka ndekha ku tchalitchi. Linatola bwinobwino, ndi dzanja lina litagwira pa mkono mwaulemu. Apa lamulo la a Gervazio ndinaliphwanya, ndinadzutsa maso. Nkhope imeneyi ndinali ndi ufulu woiyang'ana.

Anaika mbulu m'kamwa, anameza, nkhope inachita tsinya ndi kuwawa kwa nimu. M'maso mwawo munayamba kubwerera munthu. Anandizindikira. Anamwetulira, anavula chipewa, anachipana m'khwapa, anasonkhanitsa manja kuti aombe, n'kukoka mpweya.

Kumbuyo kwawo, khamu lonse lija limene linali litalunjika ku geti linaima. Ndinawaona ndi ngodya ya diso akutembenuka pang'onopang'ono, onse pamodzi, ngati anthu amene amva kuti mnzawo wa paulendo watsalira.

Ine ndi thupi langali, sindidziwa mmene ndinakwerera pa tebulo. Sikelo inagwa, thabwa linagwa. Ndinatulutsa theka la thupi pa zenera, ndinawakola khosi ndi mkono, n'kuwatseka pakamwa ndi chikhatho. Mawuwo ndinawamva akugunda m'dzanja langa, ofunda, akufuna potulukira. Anaphiriphitha, anandiluma. Chipsera chake ndi ichi, yandikirani ku mbaula muchione. Sindinasiye.

"Mezani!" ndinakuwa. "Elifala, mezani mawuwo! Mukangowatulutsa ndikuphani ndine!"

Chikwatirane chathu ndinali ndisanawatchulepo dzina. Mwina n'chimene chinawadzidzimutsa. Ndinamva kholingo lawo likuyenda pansi pa mkono wanga. Anameza.

Mapazi onyowa aja anali atayamba kubwerera. Ndinawamva pa masitepe. Koma pamzere panalibenso munthu, womaliza anali atalandira. Ndi dzanja lamanja ndinafufuza kumbuyo kwanga, ndinakapeza kamtondo, n'kukagubuduza kukamwa pansi. Kanalira pa tebulo kamodzi, gu.

"Taweruka!" ndinatero. "Aliyense kwawo!"

Kunangoti zii. Kenaka kutali tambala analira, njinga yamoto inadutsa pa msewu, ndipo mthunzi wa chitsulo uja ndinauona uli kumapeto kwa tebulo, dzuwa likulowa. Pabwalo panali matope kuyambira pa masitepe mpaka ku geti, mapazi onse atalunjika kunja. Ndatopa anatulukira kuseri, ananunkhiza, n'kukagona pansi pa benchi yake.

Chifuwa chinatha sabata yomweyo. Lamba anabwerera pa bowo lake lakale. Nditawasimbira zonse, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana bandeji ya pa dzanja langa, kenaka ndinaona milomo ikuyamba kusonkhana. Ndinanyamula chipande.

"Bambo a Yankho, timvane lero. Mankhwala amene aja ali m'thupi mwanu mpaka kalekale, ndipo anakupatsani ndine. Ine sindidziwa kuti zikomo wake ndi uti amene anthu aja angamuwerengere. Wa tiyi, wa malaya ochapa, kaya wa chiyani. Choncho kwa ine musadzayerekeze, pakamwa kapena m'manja. Thokozani dziko lonse, ine mundisiye."

Kamtondo kali m'nyumba muno, kovundikira, ndi mwala wa mphero pamwamba. Chipinda chake sindikuuzani, ndipo amene akufuna kukataya madzi adutse panja. Zinthu zakale bambo akutolabe, matenda amenewo alibe nimu. Koma masiku ano akapeza chinthu chovundikira amayamba afunsa.

Kwa munthu ngati iwo, chiletso chimenechi n'cholemera kuposa kusala mchere. Ndikawapatsa madzi osamba ndimawaona akulimbana nawo mawuwo, nsagwada zikugwedera, mpaka amangotuluka. Anthu anayamba kulankhula. Kumvano anandiitanira pambali kundifunsa ngati m'banja muli mtendere. Ndinati ulipo wambiri.

Chaka chatha tinakwatitsa mwana wathu Yankho, ena a inu munalipo. Munawaona bambo ataimirira ndi maikolofoni m'holo muja. Anathokoza abusa, anathokoza ankhoswe, akuchimuna, amayi ophika, oimba, woyendetsa galimoto ya akwati, mpaka mnyamata amene anabwereketsa jenereta. Kenaka anatembenukira kumene ndinakhala ine.

"Ndipo mayi a Yankho," anatero. "Nangozo."

Holo yonse inadikira. Ndinawayang'ana, ndinaika chikhatho changa chachipsera pa tebulo. Milomo yawo inanjenjemera, misozi inatsika mpaka pa tayi. Anaima choncho nthawi yaitali, kenaka anameza, anapereka maikolofoni kwa mwini mwambo, n'kukhala pansi.

Ndinamva kung'ung'udza kuchokera ku matebulo onse. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Mwamuna wouma mtima bwanji, mkazi wamuchitira zonsezi."

Ine ndinaimirira ndekha m'holo monsemo, n'kuimba nthungululu mpaka mawu anandithera.